Pamwala Tidzalemba Make Pondani

Tsiku limenelo amayi anayanika ufa pamphasa. Ine anandipatsa ntchito yoingitsa nkhuku. Ndinali msungwana wosatha msinkhu, ndipo ntchitoyo ndinkaigwira monyinyirika, kandodo kali m'manja. Achimwene anga anali pamwamba pa nkhokwe, akufolera denga latsopano, luzi ataluma kukamwa.

Mfuti yoyamba inalira cha kusitolo. Nkhuku zinatukula mitu. Yachiwiri italira, agalu a m'mudzi monse anayamba kuuwa.

Nabanda, mayi woyandikana nafe, anatulukira kuseri kwa bafa atagwira mimba ndi manja awiri. Inali mimba yake yoyamba, ndipo masiku ake anali atayandikira. Mwamuna wake anali atatengedwa kale ndi anthu a mfuti kuti akawasenzere katundu. Anakuwa kamodzi kokha.

"Make Pondani! Abwera!"

Ufa tinausiya pamphasa pomwepo. Ndikhulupirira kuti tsiku limenelo nkhuku zinakhuta.

Inu amene munabadwira kuno ku Chipata nkhondo itatha, yambani mwamvetsa dzina limenelo. Mudzi wathu unali tsidya la malire, ku Mozambique. Kwathuko mkazi akabereka mwana woyamba, dzina lake la ubwana limagona, anthu n'kuyamba kumuitana ndi dzina la mwanayo. Pondani anali woyamba wa amayi, ine wotsiriza. Apakati anamwalira ali aang'ono. Bambo anatisiya ine ndikadali kumsana.

Achimwene atameta, kutanthauza kuti atalowa gule, anthu anasiya kuwatchula dzina. Mwamuna wometa satchulidwa dzina la ubwana. Tonse tinkati a Mbewe, ngakhale amayi amene anawabereka. Choncho dzina la Pondani linatsala pa munthu mmodzi yekha m'mudzi monse, ndiye amayi.

Amayi anamwalira chaka chatha ku Madzimoyo. Tsopano tikukonza zoika mwala pamanda awo, ndipo pakhomo pali mkangano. Mwana wanga Isaki akuti tilembepo Estere Phiri, dzina lawo la ubatizo. Ine ndikuti tilembepo Make Pondani. Akuti ndine wamakani. Sakunama. Koma amve kaye kumene makaniwo anachokera.

Achimwene analumpha kuchoka pankhokwe. Anatola chikwanje ndi chigubu cha madzi, basi. Anthu onse ankathamangira kudambo. Iwo anakana. Inali nyengo ya dzuwa, tchire litatenthedwa kale ndi osaka mbewa, ndipo pa lupsa munthu amaonekera kutali. Malo okhawo amene moto sunkafikako anali kumanda. Kumanda sadulako mtengo, satenthako udzu.

M'kati mwa msitu wa kumandako munali dambwe, malo a amuna a gule. Mkazi safikako. Mnyamata wosameta safikako. Mwamuna wolowetsako mkazi amakhala ndi mlandu woti sungathe ndi nkhuku. Achimwene ankadziwa zimenezi kuposa ife tonse.

Titafika m'mphepete mwa msituwo, amayi anaima. Mfuti anali atayamba kuziopa chaposachedwa, koma malo amenewo ankawaopa kuyambira ali mwana. Achimwene anawagwira dzanja, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita.

"Amayi, fundani chitenje kumaso. Mukaona kanthu, simunaone."

Tinalowa ngati akhungu, titagwirana nsalu: amayi patsogolo, ine pakati, Nabanda pambuyo.

Anatikhazika patsinde pa mtengo waukulu. M'kati mwa chitenje munkatentha. Kunkanunkha udzu wouma ndi utsi wakale. Nyerere zinandikwera m'miyendo ndipo sindinazisase. Chitenje changa chinali ndi kabowo. Zimene ndinaona pakabowopo sindinauzepo munthu, ndipo pano sindilemba. Ndakalambira mu mpingo, koma mawu amenewo ndinawasungira achimwene.

Dzuwa litapendeka anthu a mfuti anafika kunja kwa msitu. Tinamva nsapato zikuphwanya masamba. Ankayankhula Chichewa chathu chomwechi, ndipo zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka lero. Sanali alendo ochokera kutali. Anali ana a anthu, oleredwa ndi phala ngati ife. Wina anati alowe akaone. Mnzake anati, "Kumeneko ayi. Ukudziwa kuli chiyani." Anthu amene anali atangotentha nyumba za anzawo anaopa kukhudza udzu wa kudambwe. Anabwerera.

Mwa aja anathamangira kudambo, ambiri sitinawaonenso.

Kutacha achimwene anapita okha kukaona mudzi. Anabwera ndi chinangwa m'malaya, ndiponso phulusa mpaka m'maondo. Sananene zimene anaona. Amayi sanafunse za nyumba.

Nabanda miyendo inali itatupa. Sakanatha kuyenda mofulumira pa lupsa, ndipo anthu anayi oyenda pang'onopang'ono akanaoneka msanga. Achimwene anamusiyira chigubu chija ndi chinangwa chochuluka. Anamuuza kuti akatisiye kumalire, kenako amubwerere. Nabanda anayankha ali m'kati mwa chitenje. Anangoti wamva.

Msewu tinaupewa chifukwa cha mabomba okwirira. Tinkadutsa m'zigwa ndi m'makhwawa ouma. Achimwene ankatsogola, ife n'kumaika phazi pamene iwo aika lawo. Chinangwa tinkadya chosaphika. Chinkawawa kukhosi.

Tinadutsa mudzi wina wopsa. Munalibe munthu. Panali mbuzi imodzi yomangidwa pachikhomo, itadya udzu wonse mozungulira mpaka dothi. Mawu anali atatha, inkangotsegula kukamwa. Amayi anapatuka, naimasula. Sinathawe. Inatitsatira kamtunda ndithu, kenako inagona panjira.

Tsiku lotsatira chitsa chopsa chinandiboola phazi lamanzere. Chinalowa pansi n'kutulukira pafupi ndi chala chaching'ono. Achimwene anazula kamtengoko, anang'amba mkono umodzi wa malaya awo, namanga bala. Kenako anagwada kuti ndikwere kumsana.

Mwamuna wometa sabereka mlongo wake wosinkhuka chotero. Amayi anayang'ana kumbali. Ine ndinakwera.

Thukuta la pakhosi pawo linali lakuda ndi phulusa. Ankapuma ngati ng'ombe ya pangolo. Pachitunda china anandiuza kuti tsopano azindikira kumene chakudya cha pakhomo chinkathera, ndipo kuti akadzandikwatitsa adzachenjeza mkamwiniyo amange nkhokwe ziwiri. Ndinawatsina khutu. Anaseka chapansipansi. Amayi anatikalipira tonse kuti tikhale chete.

Malire anali mtsinje wouma, mchenga wokhawokha. Panalibe mpanda, panalibe chikwangwani. Achimwene ananditsitsa pamchengapo. Anafukula ndi manja mpaka madzi anatuluka, ndipo tinamwa mogwada. Kenako analoza tsidya lina, kumene kunkaoneka mitengo ya mango.

"Pa mango paja pali anthu. Kumeneko ndi ku Zambia."

"A Mbewe, tiyeni tonse," amayi anatero.

"Nabanda ndamusiya malo oti sangatulukemo yekha. Ndinamulowetsa ndine."

Anatola chikwanje nayamba kukwera gombe lomwe tinatsikira. Amayi anaimirira. Anaitana dzina limene anali asanalitchule chimetereni mwana wawo.

"Pondani!"

Achimwene anaima. Anacheuka, akumwetulira mwamanyazi.

"Amayi, anthu amva."

Anapita. Malaya awo anali a mkono umodzi. Ndiko kuwaona kwanga komaliza.

Pamchengapo ndibwereranso. Ndiyambe ndanena zimene zinatsatira, chifukwa mkangano wa mwala wagona pamenepo.

Nabanda anatipeza kumsasa wa othawa nkhondo mvula itayamba, khanda lili kumsana. Anati achimwene anamupeza ali moyo, namutulutsa. Anayenda naye mpaka kumadimba a mudzi wina. Kumeneko anamva a mfuti akubwera. Achimwene anamugoneka m'bango, iwo n'kukwawa kukaimirira patali, poonekera, kuti maso onse apite kwa iwo. Nabanda anamva akuwafunsa ngati ali ndi anzawo. Anamva akuyankha kuti ali okha. Anawatenga. Patapita kanthawi mfuti inalira kuseri kwa chitunda. Anthu ena othawa, amene anamutola Nabanda m'bangomo, anati anaona mtembo wa mnyamata wa malaya a mkono umodzi. Panalibe amene anaima kuti aukwirire.

Achimwene alibe manda. Munthu amene anatibisa kumanda, iye alibe ake.

Nkhondo itatha ambiri anabwerera kwawo. Ife tinalibe wobwererako. Ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Madzimoyo, ndipo amayi anabwera kudzakhala nafe. Kumeneko analowa mpingo, nabatizidwa, napatsidwa dzina la Estere. Anali wokhulupirika kuposa ine. Mvula kapena dzuwa, pa tsiku lopemphera ankakhala atafika chitseko chisanatsegulidwe. Koma akaitana Estere kutsogolo, amayi ankangokhala phee mpaka wina awagwedeze. Sikunali kunyoza. Sankadziwa kuti akunena iwo.

Ankagulitsa nthochi pamsewu waukulu. Basi ikaima, ankasiya wogula ali chiimire n'kumayang'ana nkhope ya mwamuna aliyense wotsika. Nkhani ya Nabanda anaimva, anailira. Koma mtembo sanauone. Anachita zimenezo mpaka maso anachita khungu.

Pamaliro awo analalikira mkulu wina wa mpingo, mnyamata wophunzira bwino, wa jekete ndi nsapato zowala, wobadwa mfuti zitaleka kulira. Ankati mlongo wathu Estere, mlongo wathu Estere. Azimayi akale, amene anagulitsa nawo pamsewu, ankayang'anana.

Titabwerako kumanda ndinamupeza pakhonde akumwa tiyi. Ndinamufunsa funso limene ndinaliyendera nalo zaka zonse. Ndinati, kodi kumene amayi akupitako akamuona mwana wawo?

Anafunsa ngati anabatizidwa. Ndinati ayi, anali wa gule. Anaika kapu pansi.

"Amama, musavutike mtima. Nkhani iyi ili kiliya. Mulungu sazunza munthu kosatha. Anthu otere adzangotha, ngati udzu pamoto, osamvanso kanthu. Ndipo opulumuka sadzawakumbukira. Amayi anu adzakhala osangalala, popanda chisoni chilichonse."

Ankaganiza kuti akunditonthoza. Anachita kundigwira paphewa.

Ndinati, "Ndiye kumeneko adzawaitana kuti ndani?"

"Estere."

"Sadzacheuka."

Anaseka pang'ono, kuganiza kuti ndi nthabwala za anamfedwa. Sindinali kuseka.

Ine sindinaphunzire za Mulungu. Sukulu yanga inathera pamphasa ya ufa. Koma amayi anga ndinkawadziwa, ndipo ndikufunsa. Mukachotsa Pondani mwa mayi ameneyo, chotsala n'chiyani? Mudzatsala ndi mkazi amene sanabereke mwana woyamba. Sanagwidwe dzanja m'mphepete mwa msitu. Sanaime pamchenga. Sanasiye wogula nthochi ali chiimire. Mwina mkazi ameneyo adzakhala wokongola, wovala zoyera, woimba bwino. Koma si amayi anga. Ndikadzakumana naye ndidzamupatsa moni ngati mlendo wa pabasi.

Ndiye mukuti mwapulumutsa ndani? Mwatentha mwana, mwafufuta mayi, kenako mwaika munthu wina m'malo mwake n'kumutcha Estere.

Nanga ine? Miyendo iyi inafika ku Zambia ili pamsana pa munthu. Akuti ndidzayenda nayo m'dziko labwinolo ndikuimba, osadziwa amene anaisenza. Kuno kwathu munthu woiwala amene anamuthandiza timamunena, ana timawamenyera zimenezo. Lero akundiuza kuti kumwamba ndiye khalidwe lake, ndipo dzina lake ndi chimwemwe.

Khanda lija la Nabanda ndi bambo wamkulu tsopano. Amayendetsa lole yodutsa pa malire a Mwami, ndipo ndi wopemphera kwambiri. Nayenso akuti adzalowa kumwamba. Adzalowa iye, mayi wake, ine, amayi, ana anga ndi adzukulu. Tonse tinatuluka m'msitu umodzi, tonse tinatulutsidwa ndi munthu mmodzi. Iye yekhayo ndiye wa pamoto. Ndipo mlandu wake ndi malo omwewo amene anatibisamo.

A mfuti aja anawapha kamodzi, ndipo sananene kuti akutichitira chifundo. Anatisiyira dzina. Mnyamata wa jekete uja akufuna kutenga ndi dzina lomwe, ndipo akuyembekeza kuti ndithokoze.

Ndinakwiya tsiku limenelo ndipo mkwiyowo sunathe. Kutchalitchi sindinasiye. Mulungu sindinakangane naye, poti si iye amene anali pakhonde ndi kapu ya tiyi. Kuweruza achimwene si kwanga, komanso sindikhulupirira kuti anakupereka kwa munthu amene sanagonepo ndi njala. Ndimakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Pemphero langa ndi lalifupi. Ndimati, ngati mwandisungira malo, mundisiyire chipsera cha kuphazi. Misozi pukutani, koma chipsera musachikhudze. Ngati kolowera n'koti ndivule achimwene pakhomo ngati nsapato, ndiye mundiuziretu.

Isaki ndi mwana wabwino. Amagwira ntchito ya mapepala a katundu ku Mwami, ndipo zinthu amazifuna zolongosoka. Anabwera mwezi watha ndi zithunzi za miyala pa foni.

"Amayi, pamwala amalemba dzina la munthu, osati la mwana wake. Komanso a mpingo adzabwera potsegula mwala. Adzati bwanji?"

"Iwe wangonditchula kuti ndani panopa?"

"Ndati amayi."

"Anthu onse a ku Madzimoyo amati Make Isaki. Tsiku lina wina adzandiuze kuti iwe kulibe, sunakhalepo, ndipo ndisangalale. Udzafuna ndiyankhe chiyani?"

Anayang'ana foni yake. Anati akaganiza.

Aganize. Wosema miyala ku Chipata ndamuuza kale. Anandifunsa kawiri ngati ndikutsimikiza, poti chosemedwa pamwala sichifufutika. Ndinati n'chifukwa chake ndabwera kwa iwe. Estere akafuna alembe m'munsi, timalemba tating'ono, kuti a mpingo asasochere. Pamwamba padzakhala mawu awiri. Pansi pake padzagona mayi, ndipo mwana wopanda manda uja adzakhala ndi poti anthu aziwerenga dzina lake.

Tsopano ndibwerere pamchenga paja.

Amayi anaima mpaka achimwene anabisika ndi mitengo. Kenako anamasula chitenje, anawerama, nandibereka. Anali aafupi. Mapazi anga ankakwekwereza pansi, ndipo nsalu ya pabala inadzaza mchenga. Tinawoloka choncho.

Mudziwo unali cha ku Chadiza. Tinapeza mayi akusinja. Atationa anasiya munsi mumtondo, nathamanga kukaitana anthu. Sanatifunse kumene tachokera. Anali ataona kale ambiri otere. Wina anabwera ndi madzi ofunda amchere natsuka phazi langa. Ndinalira kwa nthawi yoyamba chichokereni kwathu.

Bambo wina wachikulire anagwada patsogolo pa amayi, nawomba m'manja.

"Ndinu ndani, amama?"

"Ndine Make Pondani."

Bamboyo anandiyang'ana ine. "Pondani ndi uyu?"

"Ayi. Akubwera m'mbuyo."

Anatiyalira mphasa pakhonde, koma amayi anaikokera pansi pa mango, pamene kumtsinje kunkaonekera bwino. Mayi wa pakhomopo anatulutsa mbale ziwiri za phala. Amayi anapempha yachitatu. Anaivundikira ndi mbale ina kuti ntchentche zisalowe, naiika pambali pawo.